Woimba Ng'oma Ndani? Mbiri ya Liwiro la Zithunzi m'Masewera a Pakompyuta

Anthu ambiri okonda zolembalemba amaona masewera a pakompyuta ngati zidole za ana, zosayenera kuzitayira inki ndi pepala. Ine maganizo anga ndi ena. Chinthu chilichonse chimene chadya nzeru, ndalama ndi tulo ta anthu kwa zaka zoposa 50 chili ndi mbiri yake, ndipo m'mbiri ya masewerawa muli mkangano umene udayamba pachiyambi penipeni koma mpaka lero sunazilale. Mkanganowu ndi wolimbirana nthawi. Pabwalo la gule aliyense amadziwa kuti wovina amatsata ng'oma. Woimba ng'oma akafulumiza, mapazi nawonso amafulumira, ndipo akayamba kuodzera, gule yense amafooka. M'masewera a pakompyuta mulinso ng'oma, ngakhale kuti khutu siliimva. Funso limene ndikufuna tilondole m'nkhani ino ndi lakuti: kodi ng'oma imeneyi wakhala akuiimba ndani, munthu wopanga masewerawo kapena makina amene akuwayendetsa?

Choyamba timvane chinthu chimodzi. Pa sikirini palibe chimene chimayendadi. Chimene diso limaona ndi zithunzi zoima, zosinthana mofulumira kwambiri kotero kuti ubongo umazilumikiza n'kuona ngati munthu akuthamanga kapena mpira ukuuluka. Chiwerengero cha zithunzi zimene zimaonetsedwa pa sekondi imodzi ndicho akatswiri amachitchula mwachidule kuti fps. Filimu nayonso imayenda motere, koma pali kusiyana kwakukulu. Zithunzi za filimu zidajambulidwa kale, makina amangozitambasula. M'gemu mulibe chithunzi chodikira, pakuti palibe amene akudziwa ngati wosewera akhotere kumanja kapena kumanzere. Kompyuta iyenera kumva batani limene ladinidwa, kuwerengera pamene chinthu chilichonse chafika, kenaka n'kujambula chithunzi chatsopano, ndipo ikatha iyambirenso. Ngati zithunzi zili 30 pa sekondi, ntchito yonseyi iyenera kutha m'mamilisekondi 33, kukumbukira kuti milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Zikakhala 60, nthawi yake ndi yosakwana mamilisekondi 17, ndipo zikakhala 120 ndi mamilisekondi 8 basi. Kompyuta ikachedwa, wosewera amaona kudodoma, ndipo dzanja lake limamva ngati likuyendetsa njinga m'matope.

Manambala amene timawamva kawirikawiri, 24, 30, 50 ndi 60, sadachokere m'diso la munthu. M'masiku a mafilimu osalankhula, wojambula ankapukusa kamera ndi dzanja, ndipo liwiro linkasiyanasiyana malinga ndi mkono wake. Mawu atalowa m'mafilimu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, padafunika liwiro limodzi lokhazikika, chifukwa liwiro likasintha mawu nawonso amapotoka. Makampani adakhazikika pa zithunzi 24. Wailesi yakanema itabwera, akatswiri adaimangirira ku kagundidwe ka magetsi a m'nyumba kuti chithunzi chisamanjenjemere. Ku America magetsi amagunda ka 60 pa sekondi, choncho TV za kumeneko zinkalemba sikirini ka 60. Njira imeneyi idatchedwa NTSC, ndipo dziko la Japan lidaitengera. Ku Ulaya magetsi amagunda ka 50, ndipo njira ya PAL, imene Walter Bruch wa kampani ya Telefunken adaikonza ku West Germany ndipo idayamba kugwira ntchito mu 1967, idatsata 50 yemweyo. Motero masewera a pakompyuta asadafike n'komwe m'makomo mwa anthu, ng'oma yawo idali itakungidwa kale ndi anthu a magetsi.

Makina oyamba ankavina ng'oma imeneyi mosaphonya chifukwa adalibe pothawira. Atari 2600, imene idatuluka mu 1977, idali ndi memori ya mabaiti 128 okha, malo osakwana kusungamo ngakhale ziganizo ziwiri za nkhani ino. Mudalibe mosungira chithunzi chathunthu. TV zakale zija, zokhala ndi chimimba kumbuyo, zinkalemba chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsikira pansi, ndipo wolemba pulogalamu ankayenera kuuza makinawo zoti alembe pa mzere uliwonse panthawi yeniyeni imene mzerewo ukulembedwa. Pa mzere umodzi purosesa inkagunda ka 76 kokha. Akachedwa pang'ono, chithunzi chinkang'ambika kapena kugudubuzika. Anthu amenewa ankawerenga kugunda kwa purosesa monga momwe wolemba ndakatulo amawerengera maphatikizo a mawu, ndipo ine ndimawapatsa ulemu womwewo.

Chaka chotsatira, mu 1978, kampani ya ku Japan ya Taito idatulutsa Space Invaders, gemu imene Tomohiro Nishikado adaipanga pafupifupi yekha, kuyambira zithunzi mpaka makina ake, pogwiritsa ntchito purosesa ya Intel 8080. M'gemuyi zilombo 55, zondanda m'mizere 5 ya zilombo 11, zimatsika pang'onopang'ono kulunjika kwa wosewera amene ali ndi mfuti pansi. Purosesayo idali yofooka moti sikadatha kusuntha zilombo zonse nthawi imodzi, choncho inkasuntha chilombo chimodzi pa chithunzi chilichonse. Zikakhala zonse 55, gulu lonse linkatenga pafupifupi sekondi yathunthu kuti liponye sitepe imodzi. Wosewera akamazipha, ntchito inkachepa ndipo zotsalazo zinkafulumira, kufikira chilombo chomaliza chimene chinkathamanga ngati chapenga. Nishikado adaona zimenezi koma sadazichotse. Mantha amene osewera ankawamva kumapeto kwa gawo lililonse, amenenso adachititsa kuti gemuyi itchuke dziko lonse, adabadwa kuchokera m'kufooka kwa makina. Apa makina ndiwo adaimba ng'oma, ndipo mwamwayi adaimba bwino.

Mwayi wotere sudakhalitse. Mu 1981 kampani ya IBM idatulutsa kompyuta yake yoyamba ya patebulo ya mtundu wa PC, yokhala ndi purosesa ya Intel 8088 yogunda pa 4.77 MHz. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale nambala imeneyi idachokera ku TV, pakuti akatswiri adaipeza pogawa katatu kagundidwe ka kachipangizo kamene kankafunikanso potulutsa mitundu pa TV za NTSC. Olemba magemu ambiri a nthawiyo adaganiza kuti PC iliyonse idzakhala ikuyenda pa liwiro limeneli mpaka kalekale. Akafuna kuti ndege ya m'gemu idikire pang'ono, ankangouza purosesa kuti iwerenge manambala mpaka penapake, podziwa nthawi imene kuwerengako kutenge. Koma makompyuta othamanga atabwera, kuwerengako kunkatha m'kuphethira kwa diso, ndipo gemu imene dzulo idali yokoma inkathera m'masekondi ochepa, wosewera ataphedwa asadagwire n'komwe kiyibodi. Wing Commander ya 1990 ndi imodzi mwa magemu otchuka amene adakhala osaseweredwa pa makina a zaka zochepa zotsatira. Opanga makompyuta adayankha poika kutsogolo kwa bokosi batani lolembedwa kuti Turbo. Dzinali linkamveka ngati lonena za liwiro, chonsecho phindu lake lenileni lidali kupatsa mwini kompyuta njira yochedwetsera makina ake kuti mapulogalamu akale ayende bwino. Munthu ankagula kavalo wa ndalama zambiri, kenaka n'kumumanga miyendo. Akuluakulu adanena kale kuti walira mvula walira matope.

Vuto lomweli lidaonekeranso mbali ina, ndipo apa nkhaniyi ikutikhudza ifenso. Magemu ambiri a makina olumikiza ku TV ankapangidwa ku Japan ndi ku America, ndipo ankawerenga nthawi potsata kulembedwa kwa sikirini, ka 60 pa sekondi. Akawatumiza kumaiko a PAL popanda kuwakonzanso, chilichonse chinkachitika ka 50 m'malo mwa ka 60, kutanthauza kuti gemu yonse inkachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 6, pafupifupi 17 pa 100 alionse. Sonic the Hedgehog, imene kampani ya Sega idatulutsa mu 1991 ndipo ulemerero wake wonse udali liwiro, inkathamanga mochedwerapo ku Britain kusiyana ndi ku Japan, ndipo ngakhale nyimbo zake zinkamveka zolefuka. Magetsi athu kuno amagunda ka 50, South Africa idayamba TV mu 1976 potsata PAL, ndipo wailesi yakanema ya dziko lino itayamba kuulutsa mu 1999 idatsatanso PAL. Choncho makina amene achibale ankagula m'masitolo a ku Joni kapena ku Mangalande adali a mtundu wochedwawo. Mbadwo wonse wa ana a theka la dziko lapansi udakula ukudziwa Sonic wina, osadziwa kuti anzawo kutsidya kwa nyanja akusewera wina. Chilonda chimenechi chidatukusidwanso mu 2018 pamene Sony idatulutsa PlayStation Classic, kamakina kokumbutsa zakale kokhala ndi magemu 20. Mwa amenewa, 9 adali a PAL, kuphatikizapo Tekken 3, ndipo ogula a ku America adadandaula kwambiri atalawa kwa nthawi yoyamba chimene anzawo adakula nacho.

Mankhwala ake adali oti gemu ikhale ndi wotchi yakeyake yosadalira mphamvu ya makina. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Doom, imene kampani ya id Software ya ku Texas idatulutsa pa 10 Disembala 1993. John Carmack ndi anzake adakonza kuti dziko la m'gemuyi lizigunda ka 35 pa sekondi, theka la ka 70 kamene sikirini za VGA zinkalembedwa. Kompyuta yofooka inkaonetsa zithunzi zochepa, ndipo mwini wake ankatha kuchepetsa kukula kwa chithunzi kuti makina apumeko, koma chipolopolo chinkafika pakhoma panthawi yofanana ndi ya pa kompyuta yamphamvu. Kompyuta yamphamvu nayonso sinkaloledwa kupitirira zithunzi 35. Amenewa adali malire oikidwa mwadala, ndipo zipatso zake tikuziona mpaka lero. Popeza gemuyi inkalemba zimene wosewera wadina pa kugunda kulikonse, masewera amene anthu adajambula m'zaka za m'ma 1990 angathe kubwerezedwanso lero sitepe ndi sitepe, osaphonya ngakhale chipolopolo chimodzi. Kwa nthawi imeneyi ng'oma idabwerera m'manja mwa munthu.

Komatu zaka zomwezo zidabweretsa njala yatsopano. Magemu adasiya zithunzi zafulati n'kuyamba kumanga maiko okhala ndi kutalika, kufupika ndi kuya, ndipo ntchito ya chithunzi chimodzi idakula koopsa. Pa Nintendo 64, Super Mario 64 ya 1996 inkayenda pa zithunzi 30, pamene The Legend of Zelda: Ocarina of Time ya 1998 inkayenda pa 20 zokha, ndipo kumaiko a PAL zinkatsikira cha m'ma 17. Ngakhale zidali choncho, gemu yachiwiriyi anthu ambiri amaiwerengerabe pakati pa magemu abwino koposa onse, umboni wakuti kukoma kwa gule sikuli m'liwiro lokha. Pa makompyuta a PC, kampani ya 3dfx idatulutsa mu 1996 khadi la zithunzi lotchedwa Voodoo, limene ntchito yake idali kulandira purosesa katundu wojambula. Mu 1999 Nvidia idatulutsa GeForce 256, ndipo pofika kumapeto kwa 2000 idali itagwirizana zogula katundu wa 3dfx imene idali itagwa. Kuyambira pamenepo magazini a makompyuta adayamba kuyeza makina ndi muyeso umodzi, wa zithunzi zingati pa sekondi, ndipo nambala imeneyi idasanduka chuma chodzitamira nacho.

Apa ndi pamene nkhani ya liwiro idakumana ndi nkhani ya chilungamo. Mu Quake III Arena ya 1999, osewera adatulukira kuti munthu amene kompyuta yake ikuonetsa zithunzi 125 pa sekondi ankadumpha m'mwamba pang'ono kuposa anzake. Chifukwa chake chidali m'masamu. Gemuyi inkawerenga nthawi m'mamilisekondi athunthu ndipo inkadula timanambala totsalira pa liwiro la wosewera pa chithunzi chilichonse. Pa zithunzi 125, chithunzi chilichonse chinkatenga mamilisekondi 8 ndendende, ndipo kudulako kunkakomera wodumphayo. Panali malo ena okwera amene wa zithunzi 125 ankafikapo ndi kudumpha kumodzi pamene wa kompyuta yofooka ankagwa. Makolo athu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma apa ena ankayambira patsogolo chifukwa cha thumba la makolo awo. Kampaniyo idaikamo pambuyo pake njira yofananitsira kawerengedwe ka osewera onse, ndipo potulutsa Doom 3 mu 2004 idamanga gemu yonse pa 60. Ndikamaona anyamata m'timashopu ta magemu ta m'matauni mwathu akupikisana mpira pa TV imodzi, aliyense ndi padi yake, ndimaganiza kuti m'umphawi wawo ali ndi chinthu chimene olemera a pa intaneti adachitaya: onse awiri akuvina ng'oma imodzi, ndipo wogonja alibe pobisala.

Zaka za m'ma 2000 zidagawa anthu pawiri. Mphamvu ya makina ili ngati ufa wa m'thumba limodzi: ukaphika nsima yaikulu, mitanda imachepa. Wopanga gemu akafuna mitengo yokongola, mithunzi yofewa ndi madzi onyezimira, chithunzi chilichonse chimatenga nthawi yaitali, ndipo zithunzi pa sekondi zimachepa. Mu 2007 kampani ya ku Germany ya Crytek idatulutsa Crysis, gemu yokongola kwambiri moti makompyuta odula a chaka chimenecho ankalephera kuiyendetsa bwino ikatsegulidwa zokongoletsa zonse, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankati akaona kompyuta yatsopano, funso loyamba loseketsa linkakhala lakuti kodi ingathe kuyendetsa Crysis. Mu 2009 Mike Acton wa kampani ya Insomniac Games adalemba poyera kuti kampani yawo mwina isiya kulimbikira zithunzi 60, chifukwa kafukufuku wawo adaonetsa kuti kukongola kwa zithunzi ndiko kumakopa olemba ndemanga pamene liwiro silikweza malonda. Adanena chilungamo chimene ambiri ankachibisa. Chithunzi chokongola chimaoneka pa chikuto cha magazini, koma liwiro limamveka m'manja mokha, munthu atalipira kale.

Ena sadanene mosabisa chotero. Mu 2014, potulutsa Assassin's Creed Unity imene idamangidwa pa zithunzi 30, ogwira ntchito ku Ubisoft adati 30 imakoma chifukwa imaoneka ngati filimu, ndipo adakumbutsa anthu za The Hobbit ya Peter Jackson ya 2012, imene idaonetsedwa pa zithunzi 48 ndipo oonera ambiri adati ikuoneka yachilendo. Ine mfundo imeneyi sindiivomera. Woonera filimu amakhala manja ali pamiyendo, ndipo chithunzi chilichonse cha kamera chimakhala ndi kachisisira ka kayendedwe kamene kamachilumikiza ndi chinzake. Wosewera gemu ndi dalaivala. Pakati pa kudina batani ndi kuona zotsatira pamadutsa zithunzi zingapo, ndipo chilichonse chikakhala cha mamilisekondi 33 m'malo mwa 17, kuchedwako kumaunjikana. Choipa kwambiri n'chakuti gemuyo itatuluka inkalephera ngakhale 30 yomweyo, ndipo kampaniyo idapepesa n'kupereka gawo lina laulere. Chaka chotsatira, mu Juni 2015, Warner Bros idachotsa pamsika Batman: Arkham Knight ya pa PC patangopita masiku ochepa, ogula atakwiya ndi malire a zithunzi 30 komanso kudodoma kwake, ndipo idabwereranso mu Okutobala.

Wina angaganize kuti pofika nthawi imeneyi phunziro la batani la Turbo lidali litamveka, koma matenda akale sachedwa kuyambiranso. Need for Speed Rivals ya 2013 idatsekeredwa pa zithunzi 30, ndipo amene adathyola loko n'kuika 60 adaona magalimoto akuthamanga kawiri. Mu Dark Souls II ya 2014, malupanga a osewera pa zithunzi 60 ankatha msanga kuposa a osewera pa 30, chifukwa gemuyo inkawerenga kuperepeseka kwa chida pa chithunzi chilichonse chimene lupanga lakhudza mdani, ndipo vutoli lidakonzedwa mu 2015. Mu The Elder Scrolls V: Skyrim ya 2011, zithunzi zikapitirira 60 mbale ndi miphika zinkayamba kuuluka zokha m'nyumba. Kampani yomweyo ya Bethesda itatsegula Fallout 76 kuti anthu ayesere mu 2018, osewera adapeza kuti ukayang'ana pansi, pomwe kompyuta ilibe zambiri zojambula, zithunzi zimachuluka ndipo umathamanga kuposa anzako. Kampaniyo idatseka pa zithunzi 63. Taonani, chimene chidakometsa Space Invaders mu 1978 ndicho chidachititsa manyazi kampani yaikulu patapita zaka 40.

Padalinso mkangano wina pakati pa khadi la zithunzi ndi sikirini. Sikirini inkalemba pa nthawi yake yosasintha, ka 60 pa sekondi, pamene khadi linkamaliza chithunzi nthawi iliyonse imene latha. Chithunzi chatsopano chikafika sikirini ili pakati polemba, theka la pamwamba linkakhala lakale ndipo la pansi latsopano, n'kuoneka ngati nsalu yong'ambika. Njira yakale yothetsera izi, yotchedwa V-sync, inkalamula khadi kudikira sikirini, koma khadi likachedwa pang'ono chabe linkaphonya ulendo n'kudikira wina, monga munthu wophonya basi ya m'mawa. Mu Okutobala 2013 Nvidia idalengeza G-Sync, ndipo AMD idatsatira ndi FreeSync mu 2015. Nzeru yake idali yotembenuza ulamuliro, kuti sikirini ndiyo izidikira khadi n'kulemba pokhapokha chithunzi chakonzeka. Motero chithunzi chidamasuka ku kagundidwe kosasintha ka sikirini.

Nanga kuchotseratu malire onse kuli ndi vuto lanji? Mbiri idayankhanso. Mu 2010, StarCraft II ya kampani ya Blizzard idalibe malire pa masamba osankhira zochita, pomwe palibe zambiri zojambula. Makhadi ankajambula zithunzi mazanamazana pa sekondi popanda wozifuna, n'kumatentha kwambiri, mpaka kampaniyo idauza anthu mizere iwiri yoti alembe m'faelo ina kuti aike malire. Mu Julayi 2021, poyesera gemu ya Amazon yotchedwa New World, makhadi ena a RTX 3090 opangidwa ndi EVGA adaferatu. Khadi la mtundu umenewu lidayamba kugulitsidwa pa madola 1,499. Amazon idati gemu yawo ilibe mlandu komabe idaika malire pa masamba osankhirawo, ndipo EVGA idavomera pambuyo pake kuti makhadi ochepa adali owotcherera molakwika, n'kuwasinthira eni ake. Mlandu ungakhale wa yani, phunziro ndi lomwe lija lakuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

M'zaka zaposachedwapa anthu ayamba kuzindikira kuti kufanana kwa kagundidwe n'kofunika ngati kuchuluka kwake. Bloodborne ya 2015 inkakwanitsa zithunzi 30 pa sekondi, koma zina zinkakhalitsa pa sikirini ndipo zina zinkadutsa msanga, moti osewera ankamva kutsimphina ngakhale nambala idali yokwana. Steam Deck, kakompyuta ka m'manja kamene Valve idatulutsa mu Febuluwale 2022, idapatsa eni ake mwayi wotseka pa zithunzi 40. Nambalayi imaoneka yoyandikira 30, koma masamu akunena zina: chithunzi cha 40 chimatenga mamilisekondi 25, pakati penipeni pa 33 ndi 17. Wosewera amapeza theka la kusalala kwa 60 koma batire lake limakhalitsa. Purosesa ya kamakinaka imadya mawati osapitirira 15, pamene khadi la RTX 4090 la chaka chomwecho limafuna mawati 450 palokha. Kwa ife amene timagula mayunitsi a magetsi tikuwerenga, kusiyana kumeneku sikufuna womasulira. Komabe njala ya liwiro sinathe. PlayStation 5 ndi Xbox Series X za mu Novembala 2020 zidabwera zokhoza kufika zithunzi 120, ndipo mu 2024 Mark Cerny wa Sony adaulula kuti osewera akapatsidwa mwayi wosankha pakati pa kukongola ndi liwiro, pafupifupi katatu mwa kanayi amasankha liwiro. Mu 2022 Nvidia idabweretsa njira yoti khadi lizipeka chithunzi chongoyerekeza n'kuchilowetsa pakati pa ziwiri zenizeni, ndipo mu 2025 zopekazo zidafika zitatu. Diso limaona kusalala, koma zithunzi zopekazo sizimva batani, choncho dzanja limadikirabe monga kale. Nambala imene kwa zaka 25 idali muyeso wa choonadi tsopano ikufunika kuifunsa kuti mwa zithunzizo, zenizeni ndi zingati.

Ndikayang'ana ulendo wonsewu ndimaona malire a mitundu itatu, ndipo ndikukhulupirira kuti mikangano yambiri imabwera chifukwa chosawasiyanitsa. Pali malire a umphawi, monga a Atari ndi a Nishikado, pomwe makina sakadatha kupitirira ndipo luso lidabadwa chifukwa cha kupanikizika. Pali malire a ulesi, pomwe wopanga wamangirira wotchi ya gemu ku zithunzi kenaka n'kuika loko kuti manyazi ake asaoneke, ndipo amenewa ndi oyenera kudzudzulidwa. Ndiye pali malire a nzeru, monga 35 ya Doom kapena 40 ya Steam Deck, oikidwa ndi munthu amene waganizira chilungamo pakati pa osewera, moyo wa makina ndi mtengo wa magetsi.

Chinthu china chimene chimandikhudza monga wokonda mabuku ndi cha mawa. Buku limene lidasindikizidwa zaka 100 zapitazo limawerengeka lero pa liwiro la wowerenga, ndipo silifuna chilolezo cha makina alionse. Gemu imene wotchi yake idamangiriridwa ku purosesa ya 1981 imafa tsiku limene purosesayo yatha. Kuti magemu akale a DOS aseweredwe lero, anthu odzipereka adalemba pulogalamu yotchedwa DOSBox, imene idayamba kutuluka mu 2002, ndipo imodzi mwa ntchito zake ndi kunamiza gemu kuti ikuyenda pa kompyuta yochedwa. Limeneli ndi batani la Turbo lomwe lija, lavala malaya ena. Wopanga aliyense amene akufuna kuti ntchito yake idzaonedwe ndi adzukulu ayenera kusunga ng'oma m'manja mwake, pakuti makina a chaka chamawa adzathamanga kuposa a lero, ndipo makina sadziwa kuti kuthamanga sikufika.